Kodi ndikalipire kuti amayi akaone nthochi ku Kew?

"Zikomo bambo. Ndimakhala ku Luton ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mayi anga akubwera kudzandiona kuchokera kwathu ku Mulanje, adzakhala miyezi iwiri. Mnzanga wa kuntchito akuti ndikawaonetse ku Kew Gardens ku London, kumene kuli nyumba zikuluzikulu za magalasi zodzaza ndi zomera za kumaiko otentha. Koma pa zithunzi ndangoona nthochi, nzimbe ndi mapapaya. Ndiye ndikataye ndalama kuti mayi akaone zimene azisiya kuseri kwa nyumba? Chachiwiri, achimwene anga akuti zomera zonsezo azungu adachita kuba ku Africa. Kodi n'zoona? Chomaliza, mayi anga ndikuwadziwa, akakaona duwa lokongola adzafuna kuthyola kanthambi kokadzala kumudzi. Kodi zimaloledwa?"

Mayi, kalata yanu yandiseketsa, chifukwa mawu amenewa ndidalankhulapo ine ndemwe. Ndagwira ntchito ya zomera zaka zambiri, ku nazale ndi m'nkhalango, ndipo tsiku limene ndidalowa koyamba m'nyumba ya magalasi ya ku Kew, chondilonjera pakhomo chidali tsinde la nthochi. Mumtima ndidati, ulendo wonsewu ndadzera nthochi? Koma ndidatuluka dzuwa litapendeka, miyendo ikuwawa, ndisadaone ndi theka lomwe. Choncho mtima m'malo, pitani nawo amayi. Ndiponso munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse amaona zambiri m'nyumba zimenezi kuposa alendo ongojambula zithunzi. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Amayi akangoyang'ana tsamba akuuzani ngati mtengowo ukukondwa kapena ukungopirira.

Kuti ulendowo ukome, mudziwe kaye chimene malowa adamangidwira. Munda wa Kew udayamba mu 1759 ngati kamunda ka banja lachifumu, ka Augusta, mayi wake wa mfumu George III. Mu 1840 udaperekedwa m'manja mwa boma, ndipo chaka chotsatira William Hooker adakhala mkulu wake woyamba. Nthawi imeneyo sitima za Angerezi zinkabwera ndi zomera kuchokera kulikonse kumene ufumu wawo udafika, koma chisanu cha kumeneko inu mukuchidziwa bwino kuposa ine: kanjedza kapena koko sangagone panja usiku umodzi wa Januwale. Padafunika nyumba yolowa dzuwa koma yosunga kutentha, yaitali moti mtengo n'kukula osagunda denga.

Nyumba imeneyo ndi Palm House, imene idamangidwa kuyambira 1844 mpaka 1848. Adajambula ndi Decimus Burton, koma luso lenileni lidali la Richard Turner, mmisiri wa zitsulo wa ku Dublin. Padali pasadamangidwe nyumba ya zitsulo ndi magalasi ya mtundu umenewu pa kukula kotero, ndiye adabwereka nzeru kwa okhoma sitima za pamadzi. Mukaima patali muona kuti ikufanana ndi bwato lalikulu lovundikira. M'litali ndi mamita pafupifupi 110, pakati pake kutalika kumafika mamita 19, ndipo magalasi ake alipo pafupifupi 16,000. Kutentha kunkachokera m'ng'anjo za malasha za pansi pa nyumba. Posafuna kuti chumuni chiipitse maonekedwe, adakumba njira ya pansi pa nthaka yotulutsira utsi kupita ku nsanja ina yapatali, ndipo malasha ankalowera m'njira yomweyo pa tingolo ta panjanji. Nsanjayo ikadalipo pafupi ndi chipata cha Victoria Gate, ambiri amangoidutsa poyesa kuti ndi ya tchalitchi. Sikuti zonse zidayenda bwino. Madzi ankasefukira kunsi kumene kudali ng'anjozo, ndipo magalasi oyamba adawapaka mtundu wobiriwira poganiza kuti ateteza zomera ku dzuwa, kenako adawachotsa ataona kuti akuzimana kuwala. Chinyontho chimene zomera zimakonda ndi chomwecho chimadya chitsulo, n'chifukwa chake nyumbayi idakonzedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950, idakonzedwanso kuyambira 1984 mpaka 1988, ndipo a Kew adalengeza kuti aitsekanso kwa zaka zingapo kuyambira cha mu 2027. Musanagule matikiti, onani kaye pa intaneti ngati ili yotsegula.

Tsono nthochi zija. N'zoona, muli nthochi, nzimbe, khofi ndi zina zimene amayi amazidziwa. Koma pambali pake muli mtengo wa koko, umene zipatso zake zimamera pathunthu penipeni osati kunthambi, muli mpesa wa tsabola wakuda, muli mtengo wa mphira, muli kanjedza wa mafuta. Muli kaduwa kena ka ku Madagascar kamene ambiri kwathu timadzala pakhomo pongofuna kukongoletsa, kamaluwa oyera kapena ofiirira, osadziwa kuti m'menemo ndi mmene mudachokera mankhwala a vincristine ochizira khansa ya m'magazi ya ana. Amayi akakaona kamenekako akaseka okha.

Chimene ine ndimafuna munthu aliyense wa ku Mulanje akaone ndi china. Chakumapeto kwa Palm House kuli chomera chooneka ngati kanjedza wokalamba, chopendekeka, chochirikizidwa ndi zitsulo ngati nkhalamba ya ndodo. Si kanjedza ayi, ndi mtundu wa zomera zakalekale zotchedwa cycad, zimene zidalipo padziko maluwa asadayambe. Ichi dzina lake ndi Encephalartos altensteinii. Adachikumba ku Eastern Cape ku South Africa ndi Francis Masson, munthu woyamba amene Kew idamutuma kukasaka zomera kunja, ndipo chidafika mu 1775. Chakhala mumphika kuyambira nthawi imeneyo. Chimakula masentimita awiri kapena atatu pachaka, ndipo pa zaka zonsezi chidabereka kamodzi kokha, mu 1819. Ndikuti a ku Mulanje makamaka chifukwa chili ndi mbale wake kwanu komweko, Encephalartos gratus, amene amamera m'zigwa za m'munsi mwa phiri ndipo adapatsidwa dzina mu 1916 ndi David Prain, amene panthawiyo adali mkulu wa Kew. Mwina amayi adachionapo m'mbali mwa mtsinje osachilabadira.

M'nyumba ina, Temperate House, muli mbale wake wina wa nkhani yomvetsa chisoni. Nyumbayi ndi yaikulu kuwirikiza kawiri Palm House, idatsegulidwa mu 1863 koma kumanga kudatha mu 1899, ndipo itatsekedwa zaka zisanu kuti ikonzedwe idatsegulidwanso mu 2018. Muli zomera pafupifupi 10,000 za mitundu 1,500, za kumadera osatentha kwambiri komanso osazizira kwambiri, ngati nyengo ya pamwamba pa Zomba kapena ku Dedza. M'menemo muli Encephalartos woodii. Mu 1895 John Medley Wood adapeza tsinde limodzi lokha la chomerachi m'nkhalango ya Ngoye ku KwaZulu-Natal, ndipo lidali lalimuna. Zomera za mtundu umenewu zimakhala chachimuna pachokha, chachikazi pachokha. Chachikazi mpaka lero sichidapezeke. Zonse zimene zili m'minda ya padziko lapansi ndi mphukira za tsinde limodzi lija, zonse zazimuna, ndipo kutchire kulibenso. Ndidaima pamenepo nthawi yaitali. Munthu ukhoza kuchithirira, kuchisunga zaka mazana, koma njere sichidzabala.

Tibwere kwa achimwene anu. Sindingawatsutse kotheratu, ndipo amene angakuuzeni kuti Kew idali munda wa maluwa chabe akukunamizani. M'zaka za m'ma 1800 Kew idali ngati likulu losinthira mbewu za ndalama mu ufumu wa Britain. Chitsanzo chodziwika ndi mphira. Mu 1876 Henry Wickham adatenga njere pafupifupi 70,000 za mtengo wa mphira ku Brazil n'kubwera nazo ku Kew. Zidamera zochepa, zosafika 3,000, koma mbande zimenezo zidatumizidwa ku Ceylon (kumene lero ndi Sri Lanka) ndi ku Singapore, ndipo patangopita zaka makumi angapo minda ya ku Asia idalanda msika wonse wa mphira, Brazil n'kutsala m'manja muli gwa. Olemba mbiri amatsutsana ngati Wickham adaphwanya lamulo lililonse, koma amene adapindula ndi amene adaluza akudziwika. Chimodzimodzi mtengo wa cinchona, umene khungwa lake limatulutsa kwinini: cha mu 1860 adautenga ku mapiri a Andes, kudzera ku Kew, kukaudzala ku India. Kwinini ameneyo ndi amene adathandiza azungu kupirira malungo polowa mkati mwa Africa, kuphatikizapo kwathu.

Nkhani ya kwathu ndi iyi. Pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi ndi Shire, umene udayamba mu 1858, padali dokotala wina, John Kirk, amene ntchito yake ina idali kutola zomera n'kumatumiza ku Kew. Masuku amene timadya mu Novembala ndi Disembala, m'mabuku a sayansi dzina lake ndi Uapaca kirkiana, kutanthauza kuti a Kirk. Anthu adadya masuku zaka zosawerengeka Kirk asadabadwe, koma dzina lidapita kwa mlendo. Kirk yemweyo adaona alenje a m'chigwa cha Shire akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za kombe. Adatenga zina, ndipo zimanenedwa kuti tsiku lina atatsuka mano ndi mswachi umene udakhudzana nazo m'thumba adamva mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Chomeracho adachipatsa dzina ku Kew, Strophanthus kombe, ndipo madokotala a ku Edinburgh adapangamo mankhwala a mtima amene adagulitsidwa ku Ulaya zaka zambiri. Dzina la kombe lidatsala, inde, koma maina a alenje amene ankadziwa mphamvu yake sadalembedwe paliponse. Chimandiwawa kwambiri ine ndi chimenechi, kuposa masamba amene adatengedwa. Pa mapepala ambiri akale omatapo zomera zouma amene amasungidwa ku Kew pamalembedwa dzina la mzungu wotola, koma amene adamulondolera njira, kukwera mumtengo ndi kumuuza ntchito ya chomeracho sapezekapo.

Koma mawu akuti "zonse" ndi "ku Africa" ndiwo akulakwika. Zomera za ku Kew zidachokera ku makontinenti onse, ndipo zambiri za masiku ano zidabwera mwa mgwirizano kapena zidafesedwa pompo. Komanso ulendo wa mbewu sudali wopita mbali imodzi. Zimene mwati amayi azisiya kuseri kwa nyumba, zambiri ndi zobwera: papaya, chinangwa ndi chimanga kwawo ndi ku America, nthochi ndi nzimbe kwawo ndi chakum'mawa kwa Asia ndi zilumba za kumeneko, mango ndi a ku India. Izi zidafika ndi amalonda kalekale, osati kudzera ku Kew. Koma khofi adachita kudzera m'nyumba ya magalasi: mu 1878 Jonathan Duncan adabwera ndi mbande kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh kudzadzala pa mishoni ya Blantyre, ndipo imodzi yokha ndi imene idapulumuka n'kukhala kholo la minda yoyamba ya khofi ku Shire Highlands. Tiyi amene wazungulira kwanu naye adayambira pa mishoni yomweyo asadafike ku Mulanje cha mu 1891. Ngati phindu la tiyi lidafika kwa othyola kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo amayi akhoza kuifotokoza bwino kuposa ine.

Masiku ano malamulo adasintha. Kuchokera pa pangano la maiko la mu 1992 loteteza zachilengedwe, ndi la Nagoya limene lidayamba kugwira ntchito mu 2014, chomera ndi chuma cha dziko limene chimamera, ndipo wofuna kuchitenga ayenera kupempha chilolezo ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu. Kew ili ndi nkhokwe ya njere ku Wakehurst, kumwera kwa London, imene idatsegulidwa mu 2000. Njere amaziumitsa n'kuzisunga pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, ndipo zilipo zoposa 2 biliyoni, zosonkhanitsidwa mogwirizana ndi mabungwe a m'maiko eni ake. Mabuku a Flora Zambesiaca, amene adayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, amakonzedwa kumeneko. Aliyense wa ife ogwira ntchito ya zomera amawatsegula akakumana ndi mtengo wosaudziwa.

Ndipo achimwene anu muwakumbutse za mkungudza. Mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, dzina lake ndi Widdringtonia whytei, potengera Alexander Whyte amene adatola nthambi zake mu 1891. Atsamunda adayamba kuucheka, n'zoona, koma amene adaumaliza ndi macheka ndi moto wa m'zaka zathu zino. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Mbande zimene zikudzalidwa tsopano zikuchokera m'manazale a anthu a m'midzi yozungulira phiri, mothandizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM, ndi bungwe la minda ya zomera la BGCI limene likulu lake lili pa Kew pomwepo. Njere zake zidapezeka chifukwa ena adadzala mitengoyi kwina, monga pa phiri la Zomba. Ntchito ya malo ngati Kew ndi yomweyo: kusunga padera chimene kwawo chikhoza kutha.

Funso lanu lachitatu yankho lake ndi lalifupi: ayi, ndipo muwauze amayi musanalowe pachipata, osati dzanja litafika kale pa duwa. Kwathu kupempha kanthambi kwa mnansi ndi ulemu, koma ku Kew chomera chilichonse chili ndi nambala m'kaundula, ndipo china chikhoza kukhala chimodzi mwa zochepa zotsala padziko. Mu 2014 munthu wina adazula kakombo wa m'madzi wamng'ono kwambiri padziko lonse, Nymphaea thermarum wa ku Rwanda, m'nyumba ya Princess of Wales Conservatory, ndipo nkhaniyo idafika kupolisi. Masamba a kakombo ameneyu amatha kuchepa ngati chikhadabo, ndipo adapulumuka chifukwa wolima wina wa pa Kew, Carlos Magdalena, adazindikira mu 2009 kuti safuna madzi akuya koma matope ofunda. Nyumba imeneyi, yotsegulidwa mu 1987, musaiphonye. Ili ndi zigawo 10 za nyengo zosiyana zoyendetsedwa ndi kompyuta, moti mumachoka m'chipululu mwa abale ake a nkhadze n'kulowa m'nkhalango yonyowa pongotsegula chitseko. Mulinso maluwa a m'banja limodzi ndi chinaka chimene timadya.

Choopsa chachikulu si kugwidwa, koma chimene kanthambiko kangapite nacho kumudzi. Amayi akukumbukira mmene matenda a chisaka adathera nthochi ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay. Matenda amenewo amayenda ndi nsabwe za m'masamba komanso ndi mphukira zimene anthu amapatsana mwachikondi, zooneka zabwinobwino. Namasupuni amene amatseka Shire n'kusokoneza magetsi kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu adakonda duwa lake. Ngakhale njere za m'paketi zogula m'sitolo, polowa nazo ku Malawi pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zamalimidwe ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda. Ngati amayi akufunitsitsa, wina kumudzi akafunse kwa alangizi a zaulimi kapena ku malo ofufuzira za mbewu monga Bvumbwe ndi Chitedze nthawi ikadalipo. Lamuloli ndi la mbali zonse ziwiri. Pobwera ku Britain asalongedze mbewu ya chinangwa, kholowa wodzala, njere zofesa kapena tizinaka taiwisi, chifukwa zomera zolowa mu Britain zimafunanso chikalata, ndipo chinaka ndi cycad zili pa mndandanda wa zotetezedwa ndi CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zosowa. Mukakayika pa chinthu china, funsani a Animal and Plant Health Agency, nthambi ya boma la Britain yoona za matenda a nyama ndi zomera, amayi asananyamuke.

Za ulendo weniweniwo, mundawu ndi waukulu mahekitala oposa 120, ndiye musayese kumaliza. Tsikirani pa siteshoni ya Kew Gardens, ya pa njanji ya District line, n'kulowera ku Victoria Gate, Palm House ili pafupi pomwepo. Muyambe ndi imeneyo m'mawa anthu asadachuluke. Muli kutentha ndi chinyontho ngati ku Nsanje mvula ikafuna kugwa, pamene panja pakhoza kukhala pozizira, choncho amayi avale zoti akhoza kuvula ndi kuvalanso, ndipo mutenge madzi akumwa. Muli masitepe ozungulira okwera pamwamba kukaona mitengo kuchokera kunsonga, okoma ndithu, koma kumwambako ndi kumene kumatentha kwambiri. Ngati amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima kapena la mphumu, asakwere, ndipo akamva chizungulire tulukani nawo panja akakhale pansi. Chizungulirecho chikapitirira kapena akamva kupweteka pachifuwa, uzani ogwira ntchito pompo aitane thandizo. Njinga za olumala amabwereketsa pachipata ngati miyendo ingavute. Nyumba za magalasi zimatsekedwa munda usadatsekedwe, ndiye musazisiyire kumapeto.

Muziwawerengera amayi timatabwa takuda ta pa zomera. Pamalembedwa dzina la sayansi, banja lake, dziko lochokera, ndi nambala imene imayamba ndi chaka chimene chomeracho chidalowa m'kaundula. Inu muziwerenga za Chilatini, iwo azikuuzani za Chichewa kapena Chilhomwe, ndipo mulembe penapake zimene akunena, chifukwa maina amenewo ndi amene akusowa pa timatabwato. Nkhokwe ya zomera zouma ya pa Kew, imene ili ndi mapepala pafupifupi 7 miliyoni, salowamo alendo wamba, koma zambiri adazijambula n'kuziika pa intaneti. Madzulo kunyumba mukhoza kufufuza ndi kalembedwe kakale, Mlanje kapena Nyasaland, muone masamba amene adathyoledwa kwanu zaka zoposa 100 zapitazo.

Amayi akabwerera, wina akawaperekeze ku Zomba, ku munda wa zomera wa m'mbali mwa Mulunguzi umene Whyte yemwe uja adayambitsa mu 1891. Tsopano uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, amene ali ndi minda inanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kumeneko safuna denga la magalasi, ndipo akafunsa ogwira ntchito adzawauza kumene angapeze mbande zoti akadzale pakhomo popanda kuopa munthu pa eyapoti.